Nyemba Makumi Atatu za Mfumu Pomaliza

Dziko la Zamveka lili kutali, kupitirira pamene minibasi imatembenukira. Dzinali linachokera kwa akuluakulu a dzikolo, chifukwa munthu akawauza kuti mlatho wagwa, kuti kuchipatala kulibe mankhwala, kapena kuti nyumba yake ikupsa panopa, yankho limakhala limodzi lomwelo: zamveka. Likulu lake ndi Tionanso, ndipo pachitunda choyang'anana ndi msika wa Tsitsaniko ndi pamene pankakhala Mfumu Yaikulu Pomaliza Wachiwiri.

Dzina lakuti Pomaliza mfumuyi inalilandira kwa bambo ake pamodzi ndi mpando ndi chizolowezi. Ikaimirira pamsonkhano, liwu lakuti "pomaliza" linkatuluka koyamba dzuwa lili paliwombo, ndipo anthu odziwa zinthu ankatumiza uthenga kunyumba kuti awabweretsere majuzi.

Chaka china mfumu inaitanidwa ku msonkhano wa mafumu kutsidya kwa nyanja yamchere. Kumeneko anaipatsa mphindi zitatu. Isanamalize n'kupereka moni komwe, kanyali kofiira kanayaka, maikolofoni n'kuzima. Mfumu inapitiriza kugwedeza milomo kwa kanthawi, mpaka wina anadzaigwira pachigongono mwaulemu n'kuilozera mpando. M'ndege pobwerera sinalankhule ndi munthu, moti nduna zake zinkaopa kuti yadwala. Koma itatsika ku Tionanso nkhope yake inali itawala.

"Anzathu aja atukuka," inatero. "Ali ndi njira yozimitsira munthu."

Lamulo la Kufupikitsa Mawu linalengezedwa pabwalo la mpira, ndipo mfumu inalifotokoza kuyambira m'mawa mpaka nkhuku zitalowa m'khola. Aliyense wolankhula pagulu asapose mawu makumi atatu. Chikwangwani chilichonse chisapose zilembo makumi awiri. Wopyola malire akakhale ku ndende ya Khalachete sabata imodzi pa liwu lililonse loonjezera. Mfumu yokha ndiyo lamuloli silinkaikhudza, popeza, monga inafotokozera kwa ola lathunthu, zotuluka m'kamwa mwa mfumu si mawu koma chitukuko.

Tinyali tofiira sitikanathandiza ku Zamveka, kumene magetsi amabwera ngati mlendo wa patchuthi. Choncho Unduna wa Zofupikitsa, womwe unabadwa sabata yomweyo, unalemba ntchito owerenga mawu. Aliyense anapatsidwa yunifolomu, belu, mbale yachitsulo ndi kathumba ka nyemba makumi atatu. Munthu akamalankhula, liwu lililonse linkagwetsa nyemba imodzi m'mbale, ngwe. Kathumba kakatha, belu linkalira. Mtengo wa nyemba unakwera katatu. Owerenga ananenepa masaya, ndipo kumaboma akutali kunamveka kuti timatumba tina tinkatha pa liwu la makumi awiri, makamaka chakumapeto kwa mwezi.

Nkhani ya zikwangwani ndiyo inatopetsa nduna. Funso linali lakuti, kodi mpata wosiyidwa pakati pa mawu awiri uwerengedwe ngati chilembo? Nduna zinakagona ku hotela ya kuphiri masabata awiri kuti zilingalire bwino. Zitabwerako, Nduna ya Zofupikitsa, a Gwedeza, analengeza kuti mpata ndi malo, malo onse ndi a mfumu, choncho munthu asaugwiritse ntchito ulere. M'mawa mwake golosale ya Mulungu Akalola Tidzaonana inadzuka ili Mulungu Akalola Tidz, ndipo mwini wake anati zotsalazo makasitomala azidzamvera mkati.

Si onse amene anadandaula. Maulaliki atafupika, matchalitchi anadzaza. Amuna ena anakafunsa ngati lamuloli limafika m'nyumba, ndipo anauzidwa kuti gulu limayambira pa anthu atatu omvetsera. Kuyambira pamenepo, mwamuna akachedwa kubwerera kunyumba ankafika ndi anzake awiri.

Vuto linali kubwalo la mfumu. Lachisanu lililonse linali tsiku la madandaulo, ndipo mwambo wakale unkati wodandaula ayambe watchula mayina onse aulemu a mfumu. Pamene lamulo linkabwera, mayinawo anali mawu asanu ndi anayi okha. Koma khonsolo ya nduna inali ndi mtima woyamikira. Mfumu ikadula riboni, kapena ikajambulitsa itagwira ngala ya chimanga, khonsolo inkaionjezera dzina. Pofika chaka chachitatu, wodandaula ankagwada n'kunena kuti:

"Mfumu Yaikulu Pomaliza Wachiwiri, Mwini Nthaka ndi Zapansi Pake, Tate wa Ana Onse Ngakhale Osafanana Naye, Wotsegulira Milatho Isanamangidwe, Mlimi Wamkulu Wosadetsa Manja, Mdani wa Njala, Dokotala wa Zonse."

Apa a Gwedeza, amene pabwalopo ankawerenga okha, ankakhala atatsala ndi nyemba imodzi pakati pa zala. Anthu ambiri, poti analeredwa bwino, ankaithera pa "zikomo". Mfumu inkayankha kuti "zamveka", wodandaula n'kuwomba m'manja, n'kubwerera kwawo wapansi. Undunawo unkalengeza chaka ndi chaka kuti anthu a ku Zamveka alibe dandaulo, ndipo amayenda mitunda italiitali kudzathokoza.

Ku Tionanso kunali bambo wina dzina lake Layisoni Chikhasu, mlengezi wa pamaukwati ndi pamaliro. Mulungu anamumana chuma ndi tsitsi koma anamupatsa pakamwa. Mkazi wake, Esinta Nachanza, wogulitsa kaunjika mumsika wa Tsitsaniko, ankati chikwatiwire sanamvepo wotchi yawo ya pakhoma ikugunda.

Layisoni anayesetsa kutsata lamulo. Anaphunzira kukwatitsa anthu ndi mawu makumi atatu, ngakhale ankafika kunyumba atatupa ngati wadya chosayenera, n'kukhuthulira zotsalazo kwa mkazi wake. Koma Lachiwiri lina kunagwa maliro a Sayineti, telala wa pakhonde la positi ofesi, amene anavekapo theka la tauni. Layisoni anaimirira kumanda kuti anene mbiri ya malemu. Belu linalira ali pa chaka chimene Sayineti anagula makina ake oyamba.

"Bambo, nyemba zatha," anatero wowerenga.

"Pepani achimwene," anayankha Layisoni, "koma malemuwa sanathe."

Esinta anamukoka jekete. Layisoni anapitiriza. Ananena za mayunifolomu a ana asukulu osokedwa motayira kuti mwana akuliremo, za makolala amene Sayineti ankawatembenuza malaya n'kukhalanso atsopano, za madiresi a Khirisimasi amene eni ake ankawalandira mu Febuluwale. Anamfedwa analira, kenako anaseka, kenako analiranso. Wowerenga, nyemba zitamuthera, anayamba kutola timiyala. Layisoni atakhala pansi, m'mbale munali mawu mazana anayi oonjezera. Masabata mazana anayi ndi pafupifupi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo lole ya ku Khalachete inkanyamuka kuseri kwa nyumba ya mfumu Lachisanu lililonse dzuwa likamalowa.

Esinta anakamuona kupolisi atanyamula mbatata yophika.

"Mayi a Takondwa," anayamba Layisoni atagwira zitsulo za chitseko, "poyamba ndikuthokozeni chifukwa chobwera, ndithokozenso amene anakulozerani njira, osaiwala mlimi wa mbatatayi."

"Idyani."

"Chachiwiri..."

"Ndinakukokani jekete, bambo a Takondwa. Kawiri konse. Batani lake ndi ili."

Layisoni anayang'ana batanilo m'dzanja la mkazi wake.

"Malemu ankati akadzafa ndidzanene za makina aja," anatero motsitsa mawu. "Akuti ku Khalachete ngakhale kuyetsemula amawerenga."

Kuchoka apo Esinta anapita ku Unduna wa Zofupikitsa, kumene kalaliki anamumvetsera ndi chifundo chonse n'kumuuza kuti zamveka. Atafika kunyumba anamva wotchi ya pakhoma ikugunda. Sinamusangalatse.

Lachinayi anatsegula belo la masiketi mumsika osaitana munthu. Zelesi, mnzake wogulitsa thobwa pabenchi yoyandikana, anamuyang'ana kwa nthawi.

"Amwali, masiketiwo adzigulitsa okha?"

"Ndikusankha."

"Masiketi?"

"Liwu lokanena mawa kwa mfumu. Ndikati 'mumasuleni', afunsa kuti ndani. Ndikati 'Layisoni', aganiza kuti ndabwera kudzamuneneza."

Zelesi anavundula thobwa m'ndowa. "Ine langa ndinaliwononga chaka chatha. Ndinapita kukadandaula za ngalande iyi, pakamwa n'kutuluka zikomo. Mawa ndilibe nalo ntchito. Nditenge 'Layisoni' ine, inu mutenge linalo."

Esinta anasiya kupinda siketi. Lamulo linkati aliyense mawu makumi atatu. Silinanene kuti nkhani ya munthu ithere m'kamwa mwa mwini wake.

Pofika masana pempho linali litasokedwa: tikupempha mumasule Layisoni Chikhasu, mlengezi, amene anamangidwa chifukwa cholemekeza maliro. Mawu khumi, amayi khumi. Kupeza amayiwo sikunavute, poti panalibe benchi imene Layisoni sanailengezerepo ukwati kapena zovuta. Kugawa mawu ndiko kunavuta. Abiti Ndala, wogulitsa mandasi, anapatsidwa "amene".

"Ine nditseke benchi tsiku lonse, mandasi azizire, kuti ndikanene 'amene' pamaso pa mfumu? Apongozi anga akafunsa kuti ndinakanena chiyani, ndidzati bwanji?"

"Tengani 'chifukwa'," anatero Esinta.

Abiti Ndala analiyesa pakamwa kawiri. "Limeneli ndiye eya. Limamveka la munthu woganiza."

"Amene" anapita kwa mayi wina wa matemba, amene anati kwa iye liwu lililonse ndi labwino bola akaonetseko chitenje chake chatsopano.

"Nanga tipita chimanjamanja?" anafunsa Zelesi. "Kwa mfumu? Anthu adzati amayi a ku Tsitsaniko analeredwa ndi mbuzi. Ndiphika ndowa ziwiri, aliyense anyamule kapu."

"Akangoti zamveka?" anafunsa Esinta.

Zelesi anavundikira ndowa yake. "Ndiye kuti zamveka, amwali. Tidzakuperekezani ku lole."

Pabwalo la mfumu panali miyambo ina iwiri imene munthu aliyense ankaidziwa koma panalibe amene anaiganizirapo. Woyamba unkati mphatso ya chakumwa mfumu iziilawa pamaso pa woperekayo, kuti asachite manyazi. Wachiwiri unkati mfumu ikakhala pampando kumva dandaulo, mapazi onse awiri ali pachikopa cha kambuku, isalankhule pamene mayina ake akutchulidwa, ndiponso isadzuke kufikira wodandaula atatseka nkhani powomba m'manja. Mwambo umenewu sunavutitsepo mfumu iliyonse, chifukwa anthu a ku Zamveka amawomba m'manja msanga.

Lachisanu masana amayi khumi analowa pachipata atandandalika, aliyense ndi kapu. Kumbuyo kwawo kunabwera msika wonse kudzaperekeza, ogulitsa makala, tomato, nsapato zakale ndi sopo wodula.

"Achuluka bwanji lero?" inafunsa mfumu.

"Abwera kudzathokoza, Mfumu," anatero a Gwedeza akukonza mbale yawo.

Mayi woyamba anagwada n'kupereka kapu. Makapu a Zelesi anali a pulasitiki aakulu aja omwera banja lonse. Mwambo unkangoti kulawa, koma mfumuyi sinkadziwa kuchita chinthu mwachidule, ndiponso thobwalo linali lamawere, lozizira bwino. Inamwa mpaka kuona pansi pa kapu. Mayi uja anatchula mayina onse, nyemba zikugwa, ngwe, ngwe, ngwe, ndipo pa nyemba yotsiriza anati, "Tikupempha."

Mfumu inadikira kuwomba m'manja. M'malo mwake panabwera kapu yachiwiri, mayina onse kuchokera pachiyambi, kenako, "Mumasule."

"Layisoni," anatero Zelesi itafika nthawi yake, mokweza ngati akuitana kasitomala wa kutsidya kwa msewu.

A Gwedeza anayamba kutuluka thukuta. Anaweramira kwa mfumu n'kunong'ona kuti mawuwa akuoneka ngati akugwirana manja. Mfumu sinathe kuyankha, popeza mayi wachinayi anali atayamba kale "Mfumu Yaikulu Pomaliza Wachiwiri", ndipo kunena zoona inkasangalala. Sinamvepo mayina ake motsatizana chonchi, ndi mawu osiyanasiyana, ena okhuthala, ena osongoka. Inatseka maso n'kumagwedeza mutu.

Pa kapu yachisanu ndi chimodzi inatsegula maso. Pa yachisanu ndi chiwiri bondo lake lamanzere linayamba kunjenjemera, ndipo zala za kumapazi zinkafinya chikopa cha kambuku ngati zikufuna kumudzutsa.

Esinta, amene anaima kumapeto kwa mzere ndi liwu lake lakuti "maliro", analera ana atatu. Kanjenjemeredwe ka bondo kameneko ankakadziwa.

"Zelesi," ananong'ona, "thobwa latsala lochuluka bwanji?"

"Ndowa yathunthu ndi theka."

"Itanani operekeza aja. Aliyense kapu. Aime patsogolo pa Abiti Ndala."

"Akanene chiyani?"

"Nkhani imafunika kufotokoza bwino."

Motero pempho, litafika pa "anamangidwa", linakhota n'kulowa m'tinjira. Wogulitsa makala anatchula mayina onse n'kuti, "Lachiwiri." Wa tomato anati, "Masana." Panatsatira "kumanda", "pamaliro", ndipo bambo wina wa nsapato, wamkulu ngati chitseko cha tchalitchi, anagwada, anapereka kapu, anatchula mayina onse n'kumaliza ndi "a". Kenako "telala", "uja", "wosoka", "bwino", "koma", "wochedwetsa". Aliyense akamaliza, a Gwedeza ankabwezera nyemba m'kathumba n'kuyambiranso. Anawerenga mosamala kuposa kale lonse, akuyembekeza kuti wina apyola malire. Panalibe. Anthu amene amagulitsa tomato pamulu wa anayi sasokoneza chiwerengero.

"Ine 'chifukwa' changa chifika liti?" anafunsa Abiti Ndala kumbuyo. "Ndayamba kuchiiwala."

Mfumu tsopano inkangonyowetsa milomo pakapu, koma zinali zitachedwa. Inapinda thupi kumanja, inapinda kumanzere. Inayang'ana denga ngati ikuwerenga mapaso. Apa panabwera mayi wa kwaya, wogulitsa zitumbuwa, amene sankadziwa kulankhula pamaso pa akuluakulu popanda kuimba. Anayamba "Mfumu" m'munsi, anamukweza pang'onopang'ono, n'kukamusiya m'mwamba kwa nthawi yaitali. Lamulo linkawerenga mawu, silinkayeza mpweya. Pamene ankafika pa "Wotsegulira Milatho", m'maso mwa mfumu munali misozi, ndipo nduna zina zinayamba kuliranso kuti zisatsalire.

Mayi wa kwaya atamaliza, wotsatira anaima kaye kuti amange bwino mwana kumsana. Pampata umenewo mfumu inalankhula osatsegula mano.

"Gwedeza, dulani mayinawo."

"Ati, Mfumu?"

"Onse."

"Ngakhale Dokotala wa Zonse? Uja tinachita kukatenga kunja."

"Onse."

"Khonsolo iyenera kukhala pansi kaye, Mfumu."

"Khonsolo ndine, ndipo ndakhalitsa."

A Gwedeza anaimirira n'kulengeza ndi mawu a pamaliro kuti kuyambira nthawi imeneyo mfumu izitchedwa Mfumu basi. Kenako anthu, amene masamu a nyemba anali atawazolowera, anaona chimene nduna sinaone: aliyense tsopano anali ndi nyemba zonse kupatula imodzi.

Mayi wa mwana kumsana anaiwala liwu limene anapatsidwa n'kunena za chipatala chimene chimapereka panado pa matenda aliwonse, ngakhale pa mwendo wothyoka. Wotsatira ananena za mlatho wa pamtsinje wa Mawa, umene unatseguliridwa katatu koma anthu akuwolokabe atanyamula nsapato m'manja. Wina, potumidwa ndi Zelesi, ananena za ngalande. Aka kanali koyamba kuti makoma a bwalolo amve dandaulo, ndipo nduna zinkayang'anana ngati zamva chilankhulo chachilendo. Mfumu inkayankha "zamveka" aliyense asanatseke pakamwa, koma panalibe wowomba m'manja.

Abiti Ndala itafika nthawi yake anagwada mwaulemu, anakonza mpango n'kuti, "Mfumu, chifukwa." Anabwerera pamalo pake ali wokhutira.

Kuseri kwa nyumba injini ya lole inatsokomola kawiri n'kulira. Esinta anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali litakhudza denga la Unduna wa Zofupikitsa. Anadutsa onse amene anatsala pamzere, anagwada, n'kuika kapu yake pansi osaipereka.

"Mfumu, mwamuna wanga amalankhula kwambiri, sindikana. Koma telala uja anamusokera suti ya ukwati wathu ulere. Sakanamuika m'manda ngati mphaka. Kunyumba kwangoti zii, sindikugona tulo. Ndibwezereni munthu wanga, ndizimudula mawu ndekha."

Nyemba yotsiriza inagwa, ngwe. A Gwedeza anakutumula kathumba kuti aone ngati mwatsala ina. Munalibe, ndipo panalibenso liwu loonjezera.

"Zamveka," inatero mfumu, thupi litanyamuka kale pang'ono pampando.

Esinta anakweza manja ake awiri, chikhatho kuyang'anana ndi chikhatho, n'kuwasiya pomwepo.

"Zamveka kwambiri," inatero mfumu.

Manja sanasunthe. Chapachipata, Zelesi anaona kuti nthawi yafika yoti asamutse thobwa lotsala kuchoka m'ndowa ina kupita m'ndowa inzake. Anaikweza m'mwamba n'kumathira pang'onopang'ono, kamtsinje kakang'ono kosadukiza, kamene kankamveka bwalo lonse.

"M'masuleni," inatero mfumu.

Esinta anatembenuza mutu kuyang'ana kumene kunkalira lole. Mawu anali atamuthera, koma nkhope yake inkanena kuti ku Zamveka chinthu chonenedwa ndi chinthu chooneka si pachibale.

"Thamangani, kam'tsitseni, abwere naye kuno," inatero mfumu kwa asilikali, ndipo liwu lake linatuluka lopyapyala ngati la mwana wa sukulu.

Anabwera naye atavala jekete lake la batani limodzi, fumbi la m'lole lili m'mawondo. Layisoni anaona mkazi wake, anaona msika wonse, anaona mfumu, ndipo mtima wake unadzaza. Za kudulidwa kwa mayina sanazimve. Anagwada, anakonza kukhosi, n'kuyamba ndi liwu lake lija la pamaukwati akuluakulu.

"Mfumu Yaikulu Pomaliza Wachiwiri, Mwini Nthaka ndi Zapansi Pake..."

Mwambo unatsekanso mfumu pakamwa. Inayang'ana Esinta ndi maso amene munthu sayenera kuwaona pankhope ya mfumu yake. Esinta anatambasula dzanja n'kukoka jekete la mwamuna wake. Batani lotsala lija linathothoka n'kugubudukira pachikopa cha kambuku. Ulendo uno Layisoni anasiya.

Esinta anawomba m'manja katatu.

Akuluakulu a ku Tionanso amati chibadwire sanaonepo mfumu ikuthamanga. Inadumpha masitepe atatu nthawi imodzi, mkanjo uli m'manja, ndipo podutsa inagunda thumba lalikulu la nyemba za Unduna limene linkakhala pambali pa a Gwedeza. Nyemba zinamwazika bwalo lonse. Amayi a ku Tsitsaniko, posafuna kuti nduna zingaterereke, anathandiza kutola.

Lolemba khonsolo inakhala pansi. Inapeza kuti mayina a mfumu sanadulidwe koma anangopumulitsidwa, ndipo inawabwezeretsa onse. Poyamikira zimene anthu anaona Lachisanu lija, inaonjezerapo Wothamanga Kuposa Mphepo. Mayinawo anafika pa mawu makumi atatu ndi awiri, moti tsopano aliyense wopereka moni kwa mfumu mokwanira amakhala atapalamula masabata awiri a ku Khalachete asananene chimene wabwerera. Pabwalo la madandaulo panamera udzu. Unduna unalengeza kuti anthu a ku Zamveka akhutira mpaka asiya kuthokoza. Thobwa linaletsedwa pachitunda chonse, pa zifukwa za chitetezo.

Koma zimenezo zinali za Lolemba. Loweruka m'mawa Esinta anamasula pangodya ya chitenje, anathira nyemba za boma mumphika n'kuuika pambaula. Layisoni anakhala pampando wake, pansi pa wotchi ya pakhoma.

"Mayi a Takondwa, ndikufuna ndikufotokozereni mwachidule za m'chitokosi muja. Koma poyamba ndithokoze amayi a kumsika, mmodzimmodzi, kuyambira ndi uja wa matemba."

Esinta anatenga singano, ulusi ndi mabatani awiri, n'kuyala jekete pamiyendo. Anatchera khutu kukhoma. Wotchi sinkamveka.

Nyemba zinapsa Layisoni asanafike pa Abiti Ndala.